A Chisomo anayi pa sikelo imodzi

Mawu amene membala mnzathu wa ku Domwe analankhula pa msonkhano wa kalabu ya omvera. Tawalemba monga mmene anawalankhulira.

 Ine si munthu wozolowera kuima pagulu, changa ndi khasu. Koma nkhani ya mayina a ana imene inadutsa pa wailesi sabata yatha yandigwira mtima, chifukwa kunyumba kwanga mlandu umenewu wangotha kumene. Ndiye ndati ndikuuzeni mmene zinayendera. Mwina wina pano ali ndi mayi woyembekezera kunyumba, atolapo kanthu.

Mwana wathu wamkazi anabadwa mwezi wa Juni, chisanu chili pakati, titangomaliza kututa chimanga. Woyamba wathu ndi mnyamata, ali ndi zaka 9 tsopano. Pakati pa awiriwa pali nkhani imene ambiri a inu mukuidziwa. Mimba ina inapita padera. Mwana wina anabadwa bwinobwino koma anatisiya asanatuluke n'komwe m'chikuta, dzina asanalandire. Ndiye uyu atabwera n'kulira mwamphamvu, n'kuyamwa, mchombo n'kugwa pa tsiku lake, tonse tinapuma. Koma kupumako sikunakhalitse, chifukwa mchombo ukagwa anthu amafuna dzina, ndipo mayina anabwera atatu.

Loyamba linali langa. Ine ndinkafuna dzina limene palibe wina alinalo m'mudzi monse, ngakhale ku Ulongwe komwe. Ndinali nditaliona pa foni ya mphwanga, dzina loti Ingrid. Tanthauzo lake sindinafunse n'komwe, ndinangoona kuti likumveka la patali. Ndinali ndi chifukwa changa, musandiseke msanga. Mayi a kunyumba dzina lawo ndi Maria. Chaka china kunabwera anthu kudzalemba mayina a olandira mbewu, ndipo pa mndandanda womwewo panapezeka a Maria atatu, awiri mwa iwo dzina la bambo n'limodzinso. Tsiku logawa, mayi a kunyumba anafika mochedwa pang'ono chifukwa cha mwana, anapeza dzina lawo alichonga kale. Thumba linapita ndi Maria wina. Tinayenda maulendo awiri kukadandaula, osaphula kanthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinati mwana wanga sadzakhala ndi dzina la chigulu.

Lachiwiri linachokera kwa apongozi anga aakazi. Ine ndili pa chikamwini, ndiye mukudziwa kuti mawu a agogo a mwana salumphidwa wamba. Iwo anatuma mawu kudzera kwa mwana wawo kuti khandalo likhale Mwatitha. Achinyamata mwina simukudziwa, makolo ankachita zimenezi. Pakhomo pakamafa ana motsatizana, wobadwayo ankamupatsa dzina lowawa, monga Maliro, Manda, Misozi, Nyamazawo, Mwatitha. Ena amati n'kumubisa mwanayo kuti imfa imuone ngati chinthu chosafunika, imulambalale. Koma ena amatchula dzina lotere pofuna kulasa munthu amene akumuganizira. Ndipo ine ndinkadziwa amene apongozi ankamulasa, chifukwa chimwalirireni mwana uja sankalonjerana bwino ndi mbale wawo wina wa khomo loyandikana. Tangoganizani, tsiku ndi tsiku kuima pabwalo n'kumakuwa kuti "Mwatitha! Mwatitha, bwera udzadye!" khomo linalo likumva. Imeneyo ndi ndewu ya zaka makumi, ndipo woisenza ndi mwana amene sanaone n'komwe chiyambi chake.

Lachitatu linali la mayi wake. Iwo sanalimbane ndi munthu. Anangonena motsitsa kuti, "Ine mumtima mwanga ndimamuitana kale kuti Chisomo."

Ndinakana pomwepo. Ndinati, "Mayi, a Chisomo m'mudzi muno ndi angati? Kwa a mfumu alipo, kwa aphunzitsi alipo, kutchalitchi ukaponya mwala ugwera Chisomo. Mwaiwala za thumba la mbewu lija?" Iwo anangoti, "Sindinaiwale, bambo," n'kupitiriza kuyamwitsa.

Masabata anadutsa mwana akungotchedwa Khanda. Langa lija linafa lokha, ndisakunamizeni. Mlamu wanga anakalitchula kwa apongozi, iwo anayesa katatu, likutuluka Ngirindi. Ana a pakhomo anagwa nacho chiseko, tsiku lonse kumangoimba Ngirindi, Ngirindi. Ndinaona ndekha kuti dzina limene agogo ake sangathe kulitchula, mwanayo adzakhala mlendo pakhomo pake pomwe. Koma Chisomo ndinkakanabe.

Tsiku lopita naye ku sikelo ndinawaperekeza pa njinga. Abambo anzanga, pitaniko nthawi zina, mukaona zambiri. Ndinakhala pansi pa mtengo, amayi ali mzere pakhonde. Anamwino anatenga khadi n'kuitana kuti, "Chisomo!" Anaimirira amayi anayi. Anthu anaseka, ine ndinayang'ana mayi a kunyumba ndi diso loti mwaonatu. Anamwino anachita kutchula dzina la bambo ndi mudzi kuti adziwe khadi ndi la yani.

Pobwerera ndinayamba kudzitama kuti ndinanena ine. Tinali tikukankha njinga pa chitunda. Mayi a kunyumba anaima, anakonza mbereko, n'kundifunsa kuti, "Kodi amayi anayi aja munawafunsa chifukwa chake?" Ndinati ayi, ndiwafunsiranji. Anati, "Ine ndacheza nawo awiri pa mzere paja. Wina anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pabanja wopanda mwana, mpaka akuchimuna anayamba kunena zoti mwamuna akwatire wina. Wina anachita kumung'amba, magazi anatha, anadzuka patapita masiku awiri osadziwa kuti mwana ali moyo. Inu mukuona ngati tikutengerana dzina ngati chitenje cha fashoni. Ife sitikutengerana. Tinadutsa njira imodzi."

Abale, ndinakankha njinga mpaka kunyumba osayankha.

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga mayina a anthu a msinkhu wanga. Ine ndinabadwira ku Malawi, m'boma la Dedza, mu 1990, makolo atathawa nkhondo monga anachitira anthu ambiri a kuno ku Angónia. Anzanga amene ndinakula nawo, a Mavuto ndi angati? A Masautso, a Mabvuto olembedwa ndi b, a Misozi? Tinali nawo ambiri moti pa mpira tinkachita kunena Mavuto wamtali, Mavuto wa kwa amalume ake. Kodi makolo athu ankatengerana? Ayi, onse anali m'mavuto amodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kuyamba kubwerera kumudzi mu 1993 ndi 1994, anabadwa a Mtendere, ena kuwatcha Paz pa Chipwitikizi. Mlongo wanga wamng'ono ali m'gulu limenelo. Mu 2000 Lurdes Mutola atapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 800 ku Sydney, tinamvera pa wailesi, ndipo m'mudzi mwathu ndikudziwa atsikana awiri a chaka chimenecho amene ndi a Lurdes. Mwana wamkazi akabadwa pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino, ambiri safunsanso, amangoti Josina, pokumbukira Josina Machel amene anamwalira tsiku limenelo mu 1971. A Maria ndi a Fátima anachuluka chifukwa cha ubatizo, makamaka mbali za ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa kumene kuli mishoni. Ndiye dzina likachuluka pamakhala chimene chachulukitsa. Ine ndinkangowerenga mitu ya ana, osafunsa chimene chinagwera amayi awo.

Komabe nkhani ya thumba la mbewu ija si yabodza, ndipo sindinaitaye. Masiku ano munthu amakhala pa pepala. Khadi la sikelo, sedula, kaundula wa sukulu, mayeso, BI, ngakhale ndalama za pa foni, zonse zimafuna dzina. Kale m'mudzi munthu ankadziwika ndi nkhope ndi mbumba yake, a Chisomo akanakhala khumi palibe akanasokoneza. Lero amene akugwira mndandanda sakudziwa iwe, akudziwa zilembo. Ndiye ndinati chabwino, akhale Chisomo, koma tiike lina pakati limene lidzamusiyanitse ndi anzake pa pepala.

Apa ndi pamene ndinapita kwa azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, kukafunsa dzina la paubwana la mayi anga. Mayi anatisiya zaka zinayi zapitazo. Moyo wanga wonse ndinkawadziwa ndi dzina la ubatizo, ndipo anthu ankangowaitana ndi la mfunda. Mukudziwa mwambo wathu, munthu wamkulu sumutchula dzina la paubwana, n'chipongwe. Azakhali anayamba akana, kenaka anaseka, n'kundinong'oneza ngati akuba. Anati, "Amako anali Sungeni." Ine zaka zonsezi osadziwa! Anati agogo anga anataya ana awiri asanabereke mayi, ndiye pobadwa iwo anati Sungeni, kupempha Mulungu ndi anthu omwe kuti uyu yekha asungike. Ndinakhala chete kanthawi. Nkhani yomwe ija ya m'nyumba mwanga, inachitikanso kale kwa agogo, ine ndikufunafuna dzina pa foni.

Kwa apongozi sindinapite ndekha, mkamwini sachita zimenezo. Ndinatuma amalume ake a mayi a kunyumba, ndi nkhuku. Anakawauza kuti mawu awo tawamva, ndipo chisoni chawo ndi chathu chomwe, koma tikupempha kuti mwanayu asasenze mlandu. Anawauzanso za Sungeni. Ndinamva kuti anakhala nthawi osayankha, kenaka anati, "Limenelo ndi dzina la anthu. Lija la Ngirindi ndiye ndinakana." Za Mwatitha sanazitchulenso.

Tsopano mundimvere bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri timagwa. Kusankha dzina ndi kwina, kulilembetsa ndi kwina. Mwana amafunika kumulembetsa ku rejisito akadali wakhanda, musadikire kuti afike pa sukulu ndiye muziyamba kuthamanga. Ndipo mukapita, dzinalo mulilembe nokha pa kapepala kunyumba, kapena akulembereni wodziwa. Chifukwa chake n'chakuti wolemba kumeneko amalemba ndi khutu la Chipwitikizi, ndipo si onse amene amamva chilankhulo chathu, ena ndi ochokera zigawo zina. Pa Chipwitikizi ch amamveka ngati sh, ndipo s akakhala pakati pa mavawelo awiri amamveka ngati z. Ndiye Chisomo wolembedwa mmene timalembera ife, mphunzitsi wochokera ku Maputo adzamuitana Shizomo. N'chifukwa chake mumaona ena alembedwa Chissomo ndi s awiri, ena Tchissomo. Chikondi amasanduka Chicondi, k n'kuthawa. M'mabuku a Chinyanja a kusukulu za kuno amalemba ndi c yekha, Cisomo, pamene Baibulo ndi nyimbo zimene ambiri tili nazo zochokera ku Malawi zimalemba ndi ch. Dzina limodzi, kalembedwe kanayi. Vuto limabwera pamene khadi la sikelo lalembedwa mwina, sedula mwina, kaundula wa sukulu mwinanso. Mwana wa mnansi wanga anavutika pa mayeso chifukwa cha chilembo chimodzi chokha, bambo ake anagulitsa matumba awiri a kachewere kulipirira maulendo okakonzetsa.

Ine ndinalekezera kalasi 5, koma tsiku limenelo ndinaima pa tebulo mpaka wolembayo ananditembenuzira pepala kuti ndione. Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi ndi chala. Anthu a pambuyo panga anayamba kung'ung'udza kuti bambo inu fulumirani, ine osasuntha. Nditafika kunyumba ndinatenga khadi la sikelo n'kuyerekeza, zinafanana. Mapepala onse awiri ali mu pulasitiki, m'chitini, pamwamba pa denga la kuchipinda kumene chiswe sichifika.

Wina anandifunsa panja paja tisanayambe kuti, nanga mwana akadzakula n'kudana nalo dzina la chigulu? Kaya, zimenezo adzanena yekha. Ali ndi awiri, adzasankha. Ndiponso kwathu kuno dzina la munthu wamkazi silikhala limodzi moyo wonse. Akadzakula adzayamba kumuitana ndi la mfunda wa bambo ake, akadzabereka adzakhala amake a uje, ndipo la paubwanalo lidzabisika ngati mmene linabisikira la mayi anga.

Mwezi watha tinapitanso ku sikelo. Anamwino anaitana Chisomo, anaimirira atatu. Anayang'ananso pa khadi n'kuti, "Chisomo Sungeni." Mayi a kunyumba anapita okha kutsogolo. Mwana wakwera bwino, wafika makilo asanu ndi limodzi. Kunyumba mayi ake amati Chisomo, ine ndimati Chisomo, mchimwene wake amangoti Chiso. Apongozi okha ndi amene sanalitchulepo n'kamodzi komwe. M'mawa uliwonse amabwera pakhomo, amaima chapatali poti ine ndilipo, n'kufunsa mwana wawo kuti, "Kodi a Sungeni adzuka bwanji?"