MWINI MOWA NAYE AMALOWA MU MLANDU KU AMERICA



Usiku uno tikambe za mowa, makamaka za anthu ougulitsa. Inu mafumu mudziwa kuti munthu akabvulaza mnzache pochokera ku mowa, amene mumuitana kubwalo ndi wobvulazayo. Mwini mowa akabwera, abwera ngati mboni chabe. Ku United States of America sizitero ai. Dzikolo liri ndi zigawo 50, ndipo zambiri mwa izo ziri ndi lamulo lakuti mwini bara kapena nyumba yodyeramo akagulitsa mowa kwa munthu wooneka kale kuti waledzera, kapena kwa wosafika zaka 21, naye angathe kulipitsidwa munthuyo akakachita ngozi.

Tamverani mlandu uwu. Mu 1999, m'chigawo cha New Jersey, munthu wina anapita kukaonera mpira pa bwalo la Giants Stadium, namwa mowa wambiri. Pobwerera anayendetsa galimoto nagunda ina m'mene munali kamtsikana ka zaka 2. Mwanayo anapuwala kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Woyendetsayo anamangidwa zaka 5, koma makolo a mwana anasumiranso kampani ya Aramark imene inkagulitsa mowa pabwalopo. Mu 2005 khoti linagamula chipepeso cha madola 135 miliyoni, ndipo 105 miliyoni mwa ndaramazi inayenera kuchokera ku kampaniyo. Khoti la apilo linafafaniza chigamulocho mu 2006, ndipo pambuyo pache mbali ziwirizo zinamvana pa madola ngati 25 miliyoni.

Kampani yaikuru ingapirire chipepeso chotere. Nanga munthu wa kabara kamodzi, azitenga kuti ndaramazo? Apa ndipo palowera inshuwalansi. Inu amene muli ndi galimoto mudziwa inshuwalansi imene Boma likakamiza kuno kwathu, yolipira munthu amene mwamugunda pa mseu. Ya mowa imayenda chimodzimodzi. Eni mabara ambiri amapereka ndarama chaka ndi chaka ku kampani ya inshuwalansi, monga anthu a m'mudzi osonkha chimanga m'nkhokwe imodzi. Mmodzi wa iwo akasumiridwa, kampaniyo ilipira maloya ndi chipepeso, kufikira pa malire amene anapangana. Zopitirira malirewo alipira yekha. Faindi ya Boma salipiriridwa, ndipo kawiri kawiri ndeu za m'bara sizilowamo pokha-pokha ataonjezera ndarama.

Koma musayese kuti nkhokwe imeneyi njotsegukira ali yense pa mtengo umodzi. A inshuwalansi ayamba afunsa. Kodi mutseka nthawi yanji? Pa malonda anu, mowa ndi wochuluka bwanji poyerekeza ndi chakudya? Anchito anu anaphunzitsidwa kukaniza munthu woledzera? Munasumiridwapo kale? Wotseka mbandakucha alipira zambiri kuposa wogulitsa chakudya ndi mowa pang'ono. Ine ndiona kuti mafunso amenewa achita nchito imene wapolisi sangathe, pakuti wapolisi sakhala m'bara usiku wonse, koma mwini bara akumbukira thumba lache nthawi zonse.

Bvuto liripo ndithu. Mu 2017 chigawo cha South Carolina chinalamula kuti ali yense wogulitsa mowa womwera pomwepo nthawi itapitirira 5 koloko madzulo akhale ndi inshuwalansi ya madola 1 miliyoni. M'zaka zotsatira mtengo wache unakwera kwambiri, makampani ena a inshuwalansi analeka kuigulitsa, ndipo mabara ena ang'ono-ang'ono anatsekedwa, ngakhale amene sanapalamulepo kanthu. Eni ache anadandaula kwa opanga malamulo. Mu 2025 lamulolo linasinthidwa, kotero kuti bara lotseka pofika 12 koloko usiku, kapena limene anchito ache aphunzitsidwa, liloledwa kukhala ndi inshuwalansi yocheperapo.

Gonani bwino, mafumu ndi alimi nonse.