Mphunzitsi wa Mwana Amene Sabwera Kusukulu



Mthenga Wabwino wa lero, wolembedwa ndi Marko Woyera m'mutu 7, ukutiuza za munthu wosamva ndi wosatha kulankhula bwino, amene anzake anabwera naye kwa Ambuye Yesu m'dera la Dekapoli. Ambirife tikamva nkhaniyi timathamangira kumapeto, pamene makutu atseguka ndipo anthu azizwa. Lero ndikupemphani kuti tiime pakati, tione mmene Ambuye anachitira. Anthu ena ankawachiritsa ndi mawu okha, ena ali kutali ndithu. Koma munthu uyu mawu sakanawamva. Choncho anamchotsa pagulu kuti akhale awiriwiri, namukhudza makutu ndi lilime, nayang'ana kumwamba kuti munthuyo aone ndi maso ake kumene thandizo likuchokera. Asanamchiritse, anayamba walankhula naye m'njira imene iye akanaimva.

Mwezi wa June wapitawu, tsiku lina la chiperoni, phiri lonse litabisika m'nkhungu, ndinatsagana ndi akhristu a mphakati wina ku Mtiya pokayendera odwala. Tinalowa m'nyumba ina mmene tinapezamo mtsikana wa zaka 9 atagona pamphasa. Amayi ake anatiuza kuti anabadwa bwinobwino, koma ali ndi zaka 2 anadwala malungo aakulu okhudza ubongo. Kuchipatala anatulukako wamoyo, koma kuyambira pamenepo sayenda, salankhula, amaona movutikira, ndipo nthawi zina amagwa khunyu. Bambo wake anachoka, achibale akuchimuna atanena kuti matenda otere kwao kulibe. Anthu ena amanong'ona kuti alipo amene anamkhwimira. Mayiyo anayesapo kupita naye kusukulu atamubereka kumbuyo, ndipo mphunzitsi, amene anali ndi ana odzaza chipinda mpaka pakhomo, anawalandira mwaulemu nati: "Mayi, mwanayu ndamumvera chisoni, koma poyambira sindikupadziwa."

Mphunzitsi ameneyo sindikumdzudzula. Ananena zoona, ndipo choonacho ndiye mutu wa ulaliki wanga. Chimene chinandichititsa manyazi ndi china. Mwanayo ndi wobatizidwa, dzina lake lili m'buku la parishi, koma mwa ife tonse amene tinalowa m'nyumbamo ndi makorona m'manja, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankalidziwa dzinalo.

Kalembera wa anthu wa mu 1998 ndi wa mu 2008 anadutsa, ndipo wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ambiri mwa iwo amayenda, amalima, amaphunzira. Ine lero ndikunena za kagulu kochepa kamene kali kumapeto kwenikweni, ana amene ulumali unawadzera uwiri kapena utatu pamodzi. Magwero ake achipatala amawadziwa: mwana kubanika pobadwa chifukwa matenda a amayi atenga nthawi yaitali, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, matenda oumitsa khosi, malungo a mu ubongo. Pamndandanda umenewu palibepo tchimo la amayi, ndipo palibepo chizimba.

Dziko lathu silinangokhala manja lende. M'zaka za m'ma 1950 amishoni a mipingo ina anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Abulazala a chipani cha FIC, ochokera ku Holland, anayamba kuphunzitsa ana osamva ku Maryview, ku Nguludi, ndiponso kusula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva pa koleji ya Montfort. Mu 1994 sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana anakhamukira m'makalasi, ndipo mu 1996 koleji ija inaonjezera maphunziro okhudza ana amene amavutika kugwira zinthu m'mutu. Boma linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo lathu loyamba la za ulumali la m'nyengo ino linadza mu 2012.

Zonsezi ndi zoyamika. Koma taonani mmene maphunziro aja anagawidwira: uyu wa osaona, uyu wa osamva, uyu wa ovutika kugwira zinthu. Nanga mtsikana wa ku Mtiya uja apite kwa yani? Wodziwa zilembo za Braille adzapeza kuti zala za mwanayo ndi zokungika, sizingatsate timadontho 6 tija. Wodziwa chilankhulo cha manja adzapeza kuti mwanayo manjawo sakuwaona. Aliyense ali ndi mfungulo yabwino, koma chitseko ichi chili ndi maloko atatu. Ku Chisombezi, kufupi ndi Nguludi komweko, Asisiteri a chipani cha Atumiki a Maria Virgo Woyera anayamba ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana amene samva ndiponso saona. Ndi ntchito yamtengo wapatali, koma nyumba imodzi singalandire ana a dziko lonse.

Ndikuuzeni nkhani ya ku France. Mu 1885 kunabadwa mtsikana dzina lake Marie Heurtin, wosamva ndi wosaona chibadwire. Ali ndi zaka 10 bambo wake anapita naye ku Larnay, pafupi ndi mzinda wa Poitiers, kwa Asisiteri a Daughters of Wisdom, chipani cha banja la Montfort Woyera chimene nafenso kuno timachidziwa. Kwa miyezi ingapo mwanayo ankangokuwa ndi kudzigwetsa pansi. Sisiteri Marguerite anamyang'anitsitsa mpaka anazindikira kuti pali kanthu kamodzi kamene amakakonda, kampeni kopinda. Anamlanda kampeniko, nagwira manja a mwanayo, nawayendetsa ngati munthu akucheka, kenaka namubwezera. Anabwereza, nabwerezanso, mpaka tsiku lina Marie anapanga yekha chizindikirocho popempha kampeni kake. Tsiku limenelo anadziwa kuti zinthu zili ndi mayina. Pambuyo pake anaphunzira kuwerenga Braille, anaphunzira za Mulungu, ndipo anathandiza kuphunzitsa atsikana ena onga iye.

Mwina wina ati: amenewo ndiwo mtima wachikondi, sukulu ikulowapo bwanji? Chikondi chinalipo, inde, koma bambo wa Marie nayenso ankamkonda mwana wake, ndipo kwa zaka 10 sanathe kulankhula naye. Sisiteri uja anali ndi luso limene nyumba ya Larnay inalisonkhanitsa pophunzitsa ana osamva kwa zaka zambiri.

Luso limenelo ndi lotani? Mphunzitsi wa mwana wotere ayenera kudziwa kumkhazika, chifukwa mwana wofooka khosi akangogona chagada tsiku lonse saona dziko, ndipo mfundo zake zimauma. Ayenera kudziwa kumdyetsa atakhala tsonga, phala la kulimba koyenera, chifukwa chakudya chikalowera kunjira ya mpweya chimabweretsa chibayo. Ayenera kudziwa chochita khunyu ikamgwira: kuchotsa moto ndi zinthu zovulaza pafupi, kumgoneka cham'mbali, osaika supuni kapena chala m'kamwa, ndi kuuza ana enawo kuti khunyu sipatsirana. Ndipo koposa zonse ayenera kupeza khomo lolankhulirana naye. Amampatsa supuni m'dzanja nthawi zonse chakudya chisanabwere, mpaka supuniyo isanduke mawu otanthauza kudya. Amaika dzanja lake pansi pa dzanja la mwanayo m'malo momgwira mokakamiza, kuti mwana akhale ndi ufulu wokana. Amafunsa, nkudikira, pakuti yankho la mwana wotere limachedwa, ndipo nthawi zina limangokhala kuphethira kwa diso. Ntchito yakumwa m'kapu amaigawa m'magawo ang'onoang'ono, nalemba m'kope tsiku ndi tsiku gawo limene mwana walitha. Zimenezi munthu sangaziphunzire pa msonkhano wa masiku atatu.

Ndiye chifukwa chake tikusowa aphunzitsi ozama, opitirira satifiketi yoyamba. Kuyambira mu 2006 tili ndi Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, kumene munthu angatengeko digiri ya maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera. Kuno ku Zomba tili ndi Yunivesite ya Malawi ku Chirunga ndi koleji ya aphunzitsi ya Domasi. Chimene ndikupempha ndi chakuti mwa iwo amene atenga digiri yoyamba, ena abwererenso kukaphunzira mozama za ana a ulumali wophatikizika, chifukwa amenewo ndiwo adzasula aphunzitsi ena, ndiwo adzalemba mabuku m'Chichewa, ndiwo adzafufuza njira zoyenera mudzi umene mulibe magetsi, kumene mpando wothandiza mwana kukhala tsonga uyenera kukhomedwa ndi kalipentala wa pamsika. Mabuku ambiri a ntchitoyi analembedwera maiko kumene mphunzitsi mmodzi amasamala ana ochepa. Wosandutsa nzeru zimenezo kuti zigwire ntchito kwathu kuno ayenera kukhala wathu.

Inu makolo amene ana anu ali m'sukulu za ukachenjede, mwana akadzakuuzani kuti wasankha ntchito imeneyi, musamufooketse pomufunsa kuti digiri yonseyo angakaithere pophunzitsa munthu kugwira supuni. Inu abambo amene muli ndi mwana wotere pakhomo, mkazi wanu msana watopa. Kumubereka mwanayo popita kuchipatala si ntchito ya amayi okha.

Ndipo inu akatekisiti, nanunso ndinu aphunzitsi. Buku la malangizo a katekisimu limene Mpingo unatulutsa ku Roma mu 2020 likunena momveka kuti anthu aulumali asamanidwe masakramenti. Mwana amene sangayankhe mafunso a katekisimu pakamwa angathe kuonetsa ndi nkhope, ndi manja, ndi kudekha kwake, kuti akusiyanitsa Ukaristia ndi chakudya wamba, ndipo amene amamdziwa bwino, makamaka amayi ake, angakuthandizeni kuzindikira zimenezo. Musagamule nokha kuti sangathe. Kambiranani ndi bambo mfumu wa parishi. Ndipo pa msonkhano wa mphakati wa sabata ino mufunse kuti ndi nyumba ziti zimene muli mwana amene satuluka, mulembe mayina, mupitenso kwa mkulu wa sukulu yapafupi kukafunsa ngati m'dera lanu muli mphunzitsi amene anaphunzira ku Montfort.

Ku Mtiya kuja ndinabwererako mwezi watha. Amayi awiri a mu mphakati amasinthana kukhala ndi mtsikana uja Lachiwiri ndi Lachisanu, kuti mayi wake athe kupita kumsika. Mmodzi wa iwo anaona kuti mwanayo amatembenuza mutu akamva madzi akuthiridwa m'beseni, ndipo tsopano amamgwiritsa kansalu konyowa asanamsambitse. Mphunzitsi wodziwa ntchitoyi sanafikebe pakhomopo.