Sukulu ya Afalansa Pakati pa London

M'caka ca 1914, pamene asilikari a ku Jeremani analowa m'dziko la Belgium, anthu ambiri anaoloka nyanja nathawira ku England. Akuluakulu anapeza pogona, koma panatsala bvuto la ana. Kodi mwana wodziwa Cifalansa cokha akanaphunzira bwanji m'sukulu ya Cingelezi? Ndipo atazolowera Cingelezico, sakanabwerera kwao ali ngati mlendo? Cifukwa cace mu 1915 anatsegula sukulu ya Cifalansa pafupi ndi sitesheni ya Victoria mu London. Pambuyo pace inasamukira ku South Kensington, kumene iri kufikira lero.

Nkhondo yaciwiri inaisokonezanso. Ana anawatumiza ku Cumberland, kumpoto kwa England, kuthawa mabomba, ndipo nyumba za sukulu zinasanduka maofesi a Afalansa amene anakana kugonjera Jeremani. Mtsogoleri wao anali General de Gaulle, uja analankhula ndi anthu a kwao pa wailesi ya BBC pa 18 June 1940. Mu 1980 sukuluyo anaicha dzina lace, Lycée Français Charles de Gaulle.

Maphunziro ace ndi omwewo a ku France. Mwana ayamba ali ndi zaka 3, ndipo atatsiriza kalasi za ana ang'ono akhala zaka 5 m'sukulu yoyamba, zaka 4 m'yapakati, ndi zaka 3 m'yapamwamba, kufikira mayeso akuru ochedwa baccalauréat. Cozizwitsa ncakuti kalasi zapamwambazo aziwerenga cobwerera m'mbuyo: mwana alowa m'kalasi yacisanu ndi cimodzi, nakwera kunka ku yoyamba, ndipo yotsiriza ingochedwa terminale. Mlendo akamva kuti mnyamata wandebvu ali m'kalasi yoyamba asafulumire kuseka.

Phindu la dongosolo lotere lioneka kwa banja loyendayenda cifukwa ca nchito. Boma la France linakhazikitsa bungwe la AEFE mu 1990 kuti liziyang'anira sukulu zotere, zimene ziposa 500 m'maiko oposa 130. Ina iri mu Lusaka. Mwana akacoka ku London kunka ku Dakar apeza phunziro pomwe analisiya, osabwereza kalasi.

Komatu maphunzirowa si aulere monga m'sukulu za boma ku France. Makolo alipira, ndipo ndalama zace si za munthu wamba. Cithandizo ca boma la France cipita kwa ana a nzika zace. Komabe ana ambiri m'sukuluzi pa dziko lonse si Afalansa ai, koma a eni dziko ndi a mitundu ina, amene makolo ao afuna kuti akule ndi zinenero ziwiri. Mu London malo anacepa kotero kuti mu 2015 anatsegula sukulu ina ku Wembley, naicha dzina la Winston Churchill.