Laputopu Ikakana Kuyaka

 Lero tikambirane za laputopu, kompyuta ija yopinda ngati buku. Ena mwa inu mwana wanu ali nayo ya kusukulu. Ena ili ku kalabu ya alimi kapena ku banki m'khonde, ndipo maina ndi ngongole za anthu onse zili m'menemo.

Tsiku lina mudina batani, koma kuli zii! Osayaka. Mtima uyamba kugunda. Ena amayamba kuimenya. Ena amaimasula ndi mpeni. Anzanga, musatero. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kaŵirikaŵiri laputopu imakhala isanafe ayi. Vuto limakhala lakuti moto sukufika.

Taganizani za ngalande ya kudimba. Madzi akaleka kufika pa ndiwo, kodi mumazula ndiwozo? Iyayi. Mumalondola ngalande kuchokera kumtsinje mpaka mutapeza pamene patsekeka. Magetsi nawonso ali ndi njira yawo. Amachokera pakhoma, n'kudzera mu tchaja, n'kuloŵa pa bowo la laputopu, n'kufika ku batire. Tiyeni tiilondole njirayi.

Choyamba, yambani pakhoma. Kodi magetsi alipo? Kodi soketi mwayatsa? Lumikizanipo wailesi kapena tchaja ya foni. Zikapanda kugwira ntchito, vuto ndi soketiyo. Yesani ina. Dziŵaninso kuti m'kati mwa pulagi ya mano atatu muli kafyuzi. Kakapsa, moto sudutsa. Kafyuzi n'kotsika mtengo, ndipo amagetsi amasintha mosavuta.

Chachiŵiri, onani tchaja. Matchaja ambiri ali ndi nthambo ziŵiri ndi kabokosi pakati. Nthambo yochokera kukhoma imasoloka pa kabokosiko osaonekera. Ikankheni bwino. Kenaka yendetsani zala pa nthambo yonse, mutazula kukhoma. Kodi yaduka? Kodi makoswe aidya? Ngati waya ali poyera, musaigwiritsenso ntchito.

Apa ndi pamene kuŵerenga kwanu kuthandize. Tembenuzani kabokosi kaja. Mupeza manambala ang'onoang'ono. Pa mawu akuti OUTPUT kaŵirikaŵiri pamalembedwa 19V, 19.5V kapena 20V. Penanso pali 45W, 65W kapena 90W. Lembani manambalawo m'kope. Mukabwereka tchaja kapena kugula ina, nambala ya V ifanane ndi ya tchaja yakale. Ya W ifanane kapena ikulepo, koma isachepe. Tchaja ikangokwana pa bowo sindiye kuti ndi yoyenera. Malaputopu ambiri atsopano ali ndi bowo lofanana ndi la foni, lotchedwa USB-C, koma tchaja yaing'ono ya foni ilibe mphamvu yokwanira.

Chachitatu, suzumirani pa bowo loloŵetsa tchaja. Unikani ndi tochi. Mukaona fumbi, uziranimo. Musatokose ndi singano kapena waya. Ngati kanyali kakuyaka ndi kuzima mukagwedeza mutu wa tchaja, ndiye kuti mwina bowolo lakhwepa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Matchaja ambiri a Dell ndi HP ali ndi kazingano kopyapyala pakati pa mutu wake. Kakathyoka, laputopu imatha kuyaka ndithu, koma batire osadzaza.

Chachinayi, batire. Likatheratu moto, laputopu siyaka nthaŵi yomweyo. Ilumikizeni ndipo muisiye kwa mphindi 30. Ikakanabe, chitani izi. Zulani tchaja ndi zonse zolumikizidwa, monga fulashi. Ngati batire lake ndi lochotseka kunsi, lichotseni. Dinani batani loyatsira osasiya, n'kuŵerenga pang'onopang'ono mpaka 30. Kenaka bwezerani tchaja yokha ndi kuyatsa. Ikayaka popanda batire, mwina mwapeza pamene patsekeka: n'kutheka kuti batire latha ntchito. Musadabwe. Batire limakalamba pakapita zaka zingapo, ngati la galimoto.

Chachisanu, mwina laputopu yayaka, koma sikirini ndiyo yada. Tcherani khutu. Kodi mukumva kamphepo kakutuluka m'mbali? Kodi tinyali tikuwoneka? Ngati ndi choncho, wonjezerani kuŵala kwa sikirini pa batani lokhala ndi chithunzi cha dzuŵa. Muthanso kuilumikiza ku TV ndi nthambo ya HDMI. Zithunzi zikaoneka pa TV, chofuna kukonza ndi sikirini basi.

Tsopano mvetsani bwino, pakuti apa pali ngozi. Mukaona kuti laputopu yatukumuka, mabatani akwera, kapena siikutsekeka bwino, ndiye kuti batire latupa. Mukamva fungo la chinthu chopsa, zulani msanga. Batire lotupa limatha kugwira moto. Musaliboole, musalipanikize, ndiponso musalitaye kudzala kumene mumatentha zinyalala. Laputopu ikanyowa, musayese kuiyatsa. Kuiika mu mpunga sikuthandiza. Ndipo inu a sola, musalumikize laputopu ku batire la 12V ndi mawaya anu. Dzerani mu inveta.

Zonsezi zikakanika, pitani kwa mmisiri wodziŵika. Tengani ndi tchaja yomwe. Muuzeni zimene mwayesa kale. Funsani mtengo asanayambe ntchito. Muuzenso kuti, "Bambo, musafufute kanthu m'menemo." Zolemba zanu zimakhala m'kachipangizo kosungira kapadera. Nthaŵi zambiri mmisiri amatha kuzipulumutsa ngakhale laputopu itafa.

Pomaliza, kupeŵa kuposa kuchiza. Magetsi akazima, zulani tchaja kukhoma, chifukwa pobwerera amatha kudza ndi mphamvu yowononga. Teroninso kukamachita ziphaliŵali nyengo ya dzinja. Musaike laputopu pa bulangete, imatentha. Ndipo sabata iliyonse koperani zolemba za gulu pa fulashi, kapena m'buku lanu la ndalama. Mukatero, laputopu ikadzakana kuyaka, simudzagona ndi nkhaŵa.



Mafunso
1. Tchulani njira imene magetsi amadzera kuti afike ku batire.
2. Ndi manambala ati amene muyenera kuŵerenga musanagule tchaja?
3. Mungadziŵe bwanji kuti batire latupa, ndipo mungatani?