Mtima wa Farao

Ulaliki wa pa Sabata, ku City Centre, Lilongwe. Kuwerenga: Eksodo 5 kufikira 12.



Miliri khumi inagwera dziko la Aigupto: madzi osanduka mwazi, acule, nsabwe, mizaza, kalira wa zoweta, zironda, matalala, dzombe, mdima wa masiku atatu, ndipo potsiriza pace imfa ya ana oyamba kubadwa. Cifukwa ninji khumi? Kodi Yehova sakadatha mlanduwo ndi mliri umodzi? Akadathadi. Koma anali kuleza mtima. Mliri uli wonse unampatsa Farao nthawi ya kulapa, ndipo iye anaitaya.

Taonani makhalidwe ace. Acule atalowa m'cipinda cace cogonamo, anaitana Mose ndi Aroni, nawapempha ampembedzere Yehova, nalonjeza kumasula ana a Israyeli. Aculewo atafa, anaumitsanso mtima wace. Pa matalala anabvomera ndi pakamwa pace kuti wacimwa. Mvula itakata, anabwerera m'mbuyo. Farao anaopa ndodo, koma Mwini ndodo sanamuopa.

Nanga ife? Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira, nugwetsa nyumba za ku Mtandire. Nthenda ya kolera, imene inabuka mu March 2022, inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lathu lino, ndipo mu January 2023 masukulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anacedwa kutsegulidwa cifukwa ca iyo. Masiku amenewo tinagwada, tinasala kudya, tinalonjeza zambiri. Malonjezowo ali kuti lero?

Cenjerani, wina asanene kuti akufawo anali ocimwa koposa ife. Ambuye Yesu anakana maganizo otere pa Luka 13, ponena za anthu 18 amene nsanja ya m'Siloamu inawagwera. Tsoka la mnzako likucenjeza iwe wotsalawe kuti ulape, usanayambe kumweruza iye.

Tsono kusamvera kwa Farao kunaonekera pati? Pa njerwa. Anawamana akapolo udzu, nalamula kuti ciwerengo ca njerwa cisacepe. Inu okhala m'mipanda ya njerwa ku Area 10, ku Area 43 ndi ku Area 47, mverani. Mlonda acezera pa cipata canu usiku wonse m'cisanu ca June. Mtsikana wa nchito alawirira mbandakuca, kuyenda pansi kucokera ku Mtandire. Mwezi utatha, mwawapatsa malipiro ao, kapena mwati abwere mawa? Mukacedwetsa malipiro mucifunabe nchito yonse, mwawamana udzu.

Ndiponso mtsinje wa Lilongwe, umene timwako tonse, ucokera ku nkhalango ya Dzalanyama. Mitengo yace iri kutha ndi makala. Timdzudzula wa njinga wonyamula matumba, koma wogula ndani? Ndife. Phiri likasala lopanda mitengo, mvula ikokolola dothi, madzi nathamangira kumunsi. Kawiri kawiri Mulungu aweruza munthu pakumleka akolole cimene anafesa yekha.

Koma mbiri iyi iri ndi citonthozo. Mose atacenjeza za matalala, ena mwa anyamata a Farao anaopa mau a Yehova, nathawitsira akapolo ao ndi zoweta zao m'nyumba, ndipo zinapulumuka. Anali Aaigupto, koma anamvera. Ndipo usiku wotsiriza uja, nyumba zokhala ndi mwazi wa mwana wa nkhosa pa mphuthu za khomo zinapitiriridwa. Mwanawankhosa wathu ndiye Kristu. Wobisala mwa Iye sadzatsutsidwa.

Inu aphunzitsi, kauzeni ana kuti kulapa koona kuoneka bvuto litapita. Ndipo ife tonse, tisadikire mliri wina. Wokhala ndi mangawa kwa wanchito wace, akabweze sabata lomwe lino. Wolonjeza kanthu kwa Mulungu m'masiku a kolera, akacite.

Yehova aticotsere mtima wa Farao, natipatse mtima womvera. Amen.