Kumene Dzina la Blantyre Linachokera

Amishoni oyamba kukhazikika kumapiri a Shire anafikira ku Magomero, m'boma la Chiradzulu. Kumeneko David Livingstone anaperekezako Bishopu Charles Mackenzie m'chaka cha 1861. Nkhondo zogwira akapolo, njala ndi matenda zinapasula mishoniyo. Bishopuyo anamwalira ndi malungo mu 1862, otsalawo nasamuka. Magomero anatsala ndi dzina lake.

Mu 1876 a Church of Scotland anamanga m'dziko la Mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson anasankha. Anawatcha Blantyre pokumbukira kamzinda ka ku Scotland kumene Livingstone anabadwira mu 1813. Mwiniwakeyo sanamve za ulemuwo, pakuti anali atamwalira mu 1873. Komabe dzina lachilendoli silinagonjetse pakamwa pa eni nthaka: mpaka lero ambiri pokwera basi amati akupita ku Kabula.