MIMBA YOSAIWALA MSANGA

Nkhani ya madzulo ano ipita kwa omvera onse a m'Malawi, m'Zambia ndi m'Zimbabwe, makamaka iwo amene ali ndi abale ao ku Joni.

Kuyambira masiku a Wenela, pamene amuna ankapita kukakumba golide, kufikira lero pamene anyamata ndi atsikana akwera mabasi kukafuna nchito, munthu wofika ku Joni asintha zinthu ziwiri tsiku limodzi: madzi ndi cakudya. Ambiri atsegula m'mimba masiku owerengeka, nacira. Koma alipo ena amene mimba yao siibwerera mwakale. Miyezi ipita, koma akadya m'mimba mupotokola, mimba itupa ndi mpweya. Lero atsegula, mkuja adzimbidwa. Nthendayi madotolo aicha irritable bowel syndrome, mwacidule IBS. Siipha munthu, ndiponso siisanduka khansa; koma imlanda mtendere, ndipo waganyu wolephera kudzuka salandira kanthu tsikulo.

Kale ambiri ankayesa kuti nthendayi nja Azungu okha. Koma m'caka ca 1984 Dr. Isidor Segal wa pa cipatala ca Baragwanath ku Soweto, pamodzi ndi Dr. Alexander Walker, analemba za nthenda yomweyi pakati pa anthu akuda.

Nanga iyamba bwanji? Nthawi zina iyamba ndi tizilombo ta m'madzi kapena m'cakudya. Pa anthu 10 amene tizilombo tawatsegula m'mimba kolimba, pafupifupi mmodzi atsala ndi IBS. Izi zinaoneka poyera ku Walkerton m'dziko la Canada m'caka ca 2000, ndi ku Bergen m'dziko la Norway mu 2004, kumene madzi a m'mipope anaipa, ndipo ambiri anabvutikabe zaka zingapo tizilombo titatha. Madzi oipa sali kutali ndi Joni: mu 2023 kolera inapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, m'cigawo comweco ca Gauteng.

Mu 2021 akatswiri a ku Leuven m'dziko la Belgium anaonetsa njira imodzi imene bvutoli liyendera. Poyesa pa mbewa anapeza kuti pamene thupi lilimbana ndi tizilombo, nthawi zina liyamba kuda ndi cakudya comwe cinali m'matumbo pa nthawiyo. Tizilombo titha, koma matumbo saiwala. Cakudyaco cikabweranso, ululu ubwera. Anayesanso kubaya timadontho ta mkaka, tirigu ndi soya m'khungu la m'kati mwa matumbo a odwala IBS, ndipo pamalopo panatupa.

Tsono nkoyenera kusiyanitsa zinthu zitatu. Coyamba ndico cakudya cowenga munthu thupi lonse, monga mtedza, nsomba kapena mazira kwa ena: atuluka ziwengo, milomo itupa, mwina abanika. Wotere athamangire ku cipatala, ndipo cakudyaco acileke kotheratu. Caciwiri ndi mkaka wosasasa, umene akulu ambiri a m'maiko ano sangathe kugaya shuga wace. Cambiko, cimene ku Joni acicha amasi, cibvuta pang'ono, pakuti shugayo wacepamo. Cacitatu ndizo zakudya zofufuma m'matumbo, zimene akatswiri a pa Monash University ku Australia anaziika m'gulu limodzi mu 2005: nyemba, anyezi, adyo, mango, ndi tirigu. Munthu amene kwao anakulira nsima, nafika ku Joni nkumadya buledi wa kota ndi magwinya m'mawa ndi madzulo, waonjezera tirigu kwambiri osadziwa.

Njira yace ndi iyi. Ayambe wapita kwa dotolo, pakuti njoka za m'mimba, kamwazi, TB ndi khansa ziyamba mofanana ndi IBS. Magazi m'cimbudzi, kuonda, ndi kutentha thupi usiku si zizindikiro za IBS ai. Dotolo akatsimikiza, wodwala acepetse zakudya zofufuma zija milungu 2 kufikira 6, namadya nsima, mpunga, mbatatesi, nyama, nsomba, mazira ndi malalanje. Pambuyo pace azibweze cimodzi-cimodzi, masiku atatu ciri conse, nalembe m'kabuku cimene wadya ndi m'mene wamvera. Cimene campweteka acicepetse. Zotsalazo adye ndithu.

Colakwa cacikuru ndico kuopa zakudya zonse. Wosala nyemba, mkaka ndi zipatso caka cathunthu popanda cifukwa afooka, ndipo nchito imene anaitsata ulendo wautali imkanika. Colakwa cina ndico kugula mankhwala otsuka m'mimba pa mseu, amene angoonjezera kutsegula. Nkhawa nayonso iutsa matumbo. Cotero abale otsala kumudzi asamfulumize mwana wao ndi mauthenga a ndalama pamene ali kudwala.

Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Wofufuza cakudya cace modekha adzapeza kuti adani a mimba yace ndi awiri kapena atatu okha. Nkhani ya lero yathera pamenepa.